Mwana wanga wa Fomu 3 akufuna kusiya BK, kodi chikuwathamangitsa ana n'chiyani?

Make Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Mwana wanga wamkazi wayamba Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Lilongwe. Lolemba wabwera ndi kapepala koti ndisayine, kosonyeza maphunziro amene akufuna kudzalemba pa MSCE. Ndayang'ana kuchokera pamwamba mpaka pansi, Bible Knowledge (BK) palibe. Mwana ameneyu ndi wa kwaya, Sande sukulu sankajomba, ndipo ndi yemwe amatiwerengera mawu madzulo tikamapemphera. Pa JCE phunziroli analikhoza bwino. Ndamufunsa, akungoti, "Amayi simungamvetse, amene atsala ku BK m'kalasi mwathu ndi 7 okha." Kapepalako sindinasayine, kali pakabati. Aphunzitsi, makolo anzanga, ndithandizeni. Kodi mwanayu wayamba kutaya chikhulupiriro, kapena pali china chimene ine sindikuchiona?

Kondwani wa ku Chilomoni:
Amayi, musade nkhawa za chikhulupiriro. Ine ndalemba MSCE posachedwapa ndipo BK ndinaisiya mu Fomu 3, chonsecho ndinali mlembi wa SCOM, bungwe la ophunzira Achikhristu, pasukulu pathu. Nkhani yake ndi mapointi. Amawerengera maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. Ukafuna udokotala ku KUHeS kapena uinjiniya ku MUBAS, amayang'ana masamu, Physics, Chemistry, penanso Biology. Ukawonjeza Chingerezi, Chichewa ndi Agriculture, mutu wadzaza kale. Timakhala pansi n'kudzifunsa: pa zonsezi, ndi liti limene ndikalisiya palibe adzandifunse? Yankho limagwera BK.

Make Tadala:
Zikomo mwana wanga. Koma bwanji osasiya lina? Bwanji BK yemweyo?

Kondwani wa ku Chilomoni:
Chifukwa timaganiza kuti Baibulo tidzalimvabe kutchalitchi. Chemistry palibe kwina kokaimva.

Mphunzitsi wa BK, Ntcheu:
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndi yanga. Ndakhala ndikuphunzitsa phunziroli pa CDSS kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndimaona zomwe a Make Tadala akunenazi. Fomu 1 ndi 2 kalasi imadzaza, ana amakhala atatu padesiki. Akafika Fomu 3 ndimatsala ndi mizere iwiri yakutsogolo.

Zimene wanena Kondwani ndi zoona, koma ndi theka chabe. Theka linalo lili kwa ife eni ake, ndipo ndilinena ngakhale likundiwawa.

Ku Fomu 1 ndi 2 mwana amakumana ndi nkhani zimene anazimva kale ali wamng'ono: Abrahamu, Yosefe, Mose, Davide. Amakhoza mosavutika ndipo amati phunziroli ndi lophweka. Akalowa Fomu 3 timamupatsa Yesaya, Luka ndi Machitidwe a Atumwi. Luka amamukonda. Koma Yesaya ndi phiri. Kuti mwana amvetse chaputala 7 chokha, ayenera kudziwa kuti Ahazi anali mfumu ya Yuda, kuti Rezini wa ku Aramu ndi Peka wa ku Israele anapangana zomuthira nkhondo, ndiponso kuti kuseri kwa onsewo kunali Asiriya amene ankameza timaiko tating'ono. Izi ndi mbiri komanso ndale za zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe. Popanda mapu pakhoma, mwana sadziwa kuti Asiriya ali kuti ndipo Yuda ali kuti. Amangoloweza mayina.

Tsono mabuku. M'kalasi mwanga ana ambiri amene ali ndi Baibulo la Chingerezi ali ndi kaja kakang'ono ka m'thumba kamene amagawa a Gideons. Ndimawathokoza anthu amenewo, atithandiza kwambiri. Koma m'kabukumo muli Chipangano Chatsopano, Masalimo ndi Miyambo basi. Yesaya mulibe. Ndiye ganizirani mwana akuphunzira Yesaya chaka chathunthu osaliona buku la Yesaya m'chilankhulo chimene adzalembere mayeso. Chimene ali nacho ndi manotsi anga a pabolodi. Ndimalemba, iwo akukopera, belu kulira. Mawa chimodzimodzi. Mwana wanzeru amatopa nazo zimenezi, ndipo sindimuimba mlandu.

Bambo Phiri wa Physics:
Achimwene a BK, mwanena chilungamo ndipo ndakulemekezani. Ine ndili mbali inayo. Kuyambira pamene silabasi yatsopano inagawa Physical Science kukhala Physics payokha ndi Chemistry payokha, mwana wa sayansi ali ndi phunziro limodzi lowonjezera pamutu pake. Nthawi yowerenga ndi yomweyo, nyali ndi yomweyo. Ine ndimawauza ana anga poyera kuti asanyamule maphunziro ambirimbiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sindidana ndi BK, ndine mkulu wa mpingo. Koma dziko lino likusowa anamwino ndi mainjiniya, ndipo mwana wa mlimi amene bambo ake agulitsa mbuzi kuti alipire fizi ayenera kutuluka ndi pepala lomupatsa ntchito.

Mphunzitsi wa BK, Ntcheu:
A Phiri, zoti asanyamule zambiri ndikugwirizana nanu. Chimene chimandipweteka ndi mawu amene ena mwa anzathu amalankhula m'kalasi. Mwana wina wanzeru kwambiri anabwera kwa ine misozi ili m'maso, akuti wauzidwa kuti BK ndi phunziro la anthu olephera masamu. Tsiku lomwelo anafufuta dzina lake pamndandanda wanga. Mwana wa zaka 16 akamva mawu otero kuchokera kwa mphunzitsi amene amamulemekeza, ife tilibenso chonena.

Bambo Phiri wa Physics:
Amenewo analakwa. Ine mawu otero sindinalankhulepo ndipo sindingawavomereze.

Abusa opuma, Nkhoma:
Ana anga, ndawerenga zonse mwalembazi ndipo mtima wanga walemera. Sukulu m'dziko muno zinabwera ndi Baibulo. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ife a Nkhoma tinayambira ku Mvera mu 1889. Makolo athu anaphunzira kuwerenga kuti awerenge Mawu. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, m'midzi yambiri linali buku lokhalo m'nyumba.

Achinyamata mwina simukudziwa kuti phunziro limeneli tinalimenyera nkhondo. M'chaka cha 2000 unduna wa maphunziro unachotsa Bible Knowledge n'kuikapo Religious and Moral Education (RME), yophatikiza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo inakana kwamtuwagalu, Akatolika ndi ife a CCAP pamodzi. Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa kusinthako, ndipo pomaliza anagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo. Ine ndinali m'gulu la amene ankalalikira za nkhaniyi paguwa. Lero ndikumva kuti chimene tinachiteteza chija ana athu omwe akuchisiya okha, popanda wowakakamiza. Ndikudzifunsa kuti titapambana muja tinachitapo chiyani. Tinagula Mabaibulo angati a sukulu za m'dera lathu? Mpingo wanga womwe sindikumbuka kuti tinasonkhapo chopereka cha zimenezo.

Abiti Saidi, Mangochi:
Abusa, ndikupempha ndilankhulepo ngati mwana wanu, ndine Msilamu. Nkhani ya 2000 ifenso timaikumbuka, koma kuchokera kutsidya lina. Kuno ku Mangochi ndi ku Machinga kuli makalasi amene ana ambiri ndi Asilamu. Kwa makolo athu RME inali chizindikiro choti nafenso tawerengedwa. Itaimitsidwa anthu anakhumudwa.

Koma ine BK ndinalemba. Ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndinkachoka ku madrasa n'kumakawerenga Luka, ndipo ndinakhoza kuposa anzanga ambiri Achikhristu. Bambo anga sanaletse, ankati kudziwa za mnansi wako si tchimo. Chimene chinkandivuta ndi mphunzitsi mmodzi amene ankasandutsa kalasi kukhala ulaliki, n'kumatiyang'ana ife ovala hijabu akafika pa mavesi ena. Anzanga atatu anasiya chifukwa cha iyeyo. Amene anabwera pambuyo pake ankaphunzitsa ngati phunziro, kutifunsa mafunso, kutilola kutsutsa, ndipo palibe anasiyanso. Ndiye mukamawerenga zifukwa, ichinso muchiwerengere.

Abusa opuma, Nkhoma:
Mwana wanga, zikomo. Zimenezi m'chaka chija sitinazimvetsere bwino. Kalasi si guwa, pamenepo wanena zoona.

Kondwani wa ku Chilomoni:
Ndiwonjezepo chimodzi chimene akuluakulu simuchidziwa. BK siyophweka pa mayeso monga anthu amaganizira. Mnzanga ankati, "Ine ndakulira mu tchalitchi, sindikufunika kuwerenga." Anapeza 8. Nkhani ya Zakeyu tonse timaidziwa m'Chichewa, koma papepala akufuna ulembe Zacchaeus, ufotokoze m'Chingerezi zimene ananena ndi zimene Yesu anayankha, m'ndondomeko yake. Maulendo a Paulo ukasokoneza Lystra ndi Derbe malikisi apita. Ndiye a Fomu 4 akatuluka m'mayeso n'kumauza ang'onoang'ono kuti BK imapha, a Fomu 2 amamva ndipo amathawiratu.

Nachisale, Leeds:
Ndikuwerenga ndili pa nthawi yopuma kuntchito, ndine namwino kuno ku UK. Kondwani, masamu ako ndawamva koma pali pamene sunawerengere. Chingerezi, masamu, Biology, Physics, Chemistry: amenewo ndi 5. Lachisanu ndi chimodzi ndi liti? Pamenepo pali mpata. Ine nthawi yathu inali ya Physical Science, ndipo phunziro limene linatsitsa mapointi anga ndi BK, ndinapeza 2. Popanda 2 ameneyo sindikadalowa ku Kamuzu College of Nursing. Mwana amene amakonda kuwerenga ndi kulemba akhoza kupeza distinction mu BK mosavuta kuposa mu phunziro limene akulitenga chifukwa anzake alitenga.

Komanso ndinene za ntchito yanga. Ndagwirapo mu wodi ya odwala amene madokotala anena kuti palibenso chochita. Usiku wina agogo ena achizungu anandigwira dzanja n'kundipempha ndiwauze nkhani ya mwana wolowerera, maso awo anali atasiya kuona. Ndinawauza yonse kuchokera pamtima, momwe ndinailowezera ndili Fomu 4, kuyambira pamene mwana anapempha chuma chake mpaka pamene mkulu wake anakana kulowa m'nyumba. Anandifunsa kuti, "Mkulu uja analowa?" Ndinawauza kuti Luka sananene. Anakhala chete nthawi yaitali akundigwirabe dzanja.

Bambo Phiri wa Physics:
Achemwali, za phunziro lachisanu ndi chimodzi mwanena zoona, koma kumbukirani kuti pampata umodzi womwewo pakulimbirana Agriculture, Chichewa, Geography ndi History. Ndipo Agriculture mwana akaikhoza imamutsegulira khomo ku LUANAR. BK imutsegulira kuti?

Mphunzitsi wa BK, Ntcheu:
Funso limenelo ndi lomwe ana amandifunsa, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaliyankha molakwika. Ndinkati "mudzakhala anthu abwino." Mwana sakhutira nazo, ndipo ali ndi chifukwa. Iye akufuna kudziwa kuti adzadya chiyani.

Tsopano ndimawauza malo enieni. Ku University of Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya Theology and Religious Studies. Ku Mzuzu University iliko. Ku Domasi amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale. Kuli Zomba Theological University, kuli maseminale a Kachebere ndi St Peter's kwa ofuna unsembe. Koma ndimawauzanso kuti asaganize kuti BK ndi ya abusa okha. Luso limene timaphunzitsa, tikaphunzitsa bwino, ndi lotenga ndime yolembedwa kalekale, kufunsa kuti analemba ndani, ankalembera yani, pa nthawi iti, ndipo kenako kufotokoza tanthauzo lake momveka. Loya amachita zomwezo ndi malamulo. Mtolankhani amachita zomwezo ndi chikalata cha boma.

Ndikuuzeni za tsiku limodzi limene sindidzaliiwala. Tinali pa Yesaya chaputala 5, pamene mneneri akudzudzula anthu olumikiza nyumba ndi nyumba, munda ndi munda, mpaka osauka kusowa pokhala. Tsiku limenelo choko chinali chitatha, ndiye sindinalembe manotsi. Ndinangobwereka Buku Lopatulika la mlonda wa pasukulu, n'kuwerenga mokweza m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Ndinafunsa, "Kodi zimenezi munazionapo?" Mnyamata wina wa kumbuyo, amene chaka chonse sanatsegulepo pakamwa, anaimirira. Anafotokoza momwe dimba la agogo ake linapitira kwa munthu wandalama agogowo atangomwalira, amayi ake akulira pabwalo la mfumu. Kalasi yonse inayamba kulankhula. Belu linalira, palibe anatuluka. Pa mayeso a teremu imeneyo funso la chaputala 5 aliyense analikhoza.

Ndiye ndimadziwa kuti zimatheka. Koma silabasi ndi yaitali, mapiriyodi ndi ochepa, ndipo m'sukulu zambiri BK amapatsa mphunzitsi aliyense amene ali ndi mpata, ngakhale sanaiphunzire, bola amapita kutchalitchi. Physics sangaipereke chonchi.

Bambo Phiri wa Physics:
M'ma CDSS ena ngakhale Physics akuphunzitsa ndi amene sanaiphunzire, achimwene. Kusowa kwa aphunzitsi kwatikhudza tonse. Koma nkhani ya dimba ija yandigwira mtima.

Tembo wa ku Chipata:
Moni abale a ku Malawi. Kuno ku Zambia tili ndi masilabasi awiri a Religious Education, 2044 ndi 2046. Ya 2046 ndi imene imatsamira kwambiri pa Baibulo. Ana kuno ambiri amaitenga chifukwa amati imathandiza kutsitsa mapointi pa Giredi 12. Ndiye ndikudabwa kumva kuti kwanuko akuithawa. Koma ndikaganiza, onse awiri akuwerenga chinthu chimodzi, wotenga ndi wosiya. Onse akuwerenga mapointi. Mwana wa mlongo wanga anaitenga, anakhoza bwino, koma ndikamufunsa zimene anaphunzira sakumbuka kanthu.

Abusa opuma, Nkhoma:
A Tembo, zimenezo zikundiopsa kuposa kusiya kumene.

Mayi Gondwe, Mzuzu:
Ine ndilankhule ngati kholo limene linauza mwana wake kuti asiye. Inde, ndinamuuza ndine. Bambo ake anamwalira, ndimagulitsa kaunjika, ndipo mwanayo ndiye chiyembekezo cha ang'ono ake atatu. Ndinaona kuti madzulo akuloweza mayina a mafumu a Yuda pamene masamu akupeza 40. Ndinati mwana wanga, Mulungu sadzakufunsa satifiketi ya BK, Baibulo tiziwerenga limodzi pakhomo. Mpaka lero timawerenga. Musatiweruze ife makolo ngati kuti sitikonda Mulungu.

Nachisale, Leeds:
Amayi, palibe angakuweruzeni. Munamuyang'ana mwana wanu, munaona pamene akufooka, munasankha. Chimene ine ndikukana ndi mwana kusiya chifukwa anzake asiya, makolo osadziwa n'komwe chifukwa chake.

Abiti Saidi, Mangochi:
A Make Tadala, mwakhala chete. Mwamufunsanso mwana?

Make Tadala:
Pepani, ndinali ndikuwerenga zonse, kenako ndinazimitsa foni n'kumuitana. Ulendo uno sindinamufunse kuti bwanji ukusiya Mawu a Mulungu, monga ndinachitira Lolemba. Ndinangoti bweretsa kope lako la BK tione.

Abale, kopelo ndi laukhondo, zilembo zokongola, mitu yodulidwa mzere ndi cholembera chofiira. Masamba 14 a Yesaya. Ndinaloza dzina lina lalitali, Maher-shalal-hash-baz, n'kumufunsa kuti ameneyu ndani. Anayankha msangamsanga kuti ndi mwana wa Yesaya. Ndinati nanga bwanji bambo anapatsa mwana wake dzina lotere? Anandiyang'ana, n'kuti, "Sitinauzidwe, anangoti tiloweze kalembedwe kake." Kenako zonse zinatuluka. Aphunzitsi awo a Fomu 2, amene ankawakonda, anasamutsidwa. Amene alipo pano ndi a phunziro lina, amalowa ndi kabuku ka manotsi, kupatsa mwana mmodzi kuti alembe pabolodi, iwo n'kutuluka. Ndiponso pa ndandanda wa sukulu BK aiika nthawi imodzi ndi Geography, ndiye ukatenga ili, linalo walisiya. Iye akufuna za zanyengo, akuti amafuna kudzakhala mmodzi wa anthu amene amachenjeza dziko namondwe asanafike. Chichitikireni Freddy mu 2023, pamene tinataya achibale ku Chilobwe, nkhani yake ndi imeneyo. Ine sindinkadziwa kuti yakhazikika chonchi mumtima mwake.

Ndinamufunsa kuti zikanakhala kuti sizikuwombana, ukanatenga? Anati, "Luka ndimamukonda, Amayi. Koma Yesaya sindikumumva."

Mphunzitsi wa BK, Ntcheu:
Amayi, muuzeni kuti dzinalo ndi uthenga. Tanthauzo lake ndi lakuti zofunkha zikufulumira, zolanda zili pafupi. Yesaya ankachenjeza kuti mwanayo asanadziwe kuitana "bambo" kapena "mayi", chuma cha Damasiko ndi Samariya chidzakhala chitatengedwa ndi mfumu ya Asiriya. Nthawi iliyonse mayi ake akamuitana kuti adzadye nsima, mudzi wonse unkamva chenjezo. Zili pa chaputala 8, mavesi oyambirira. Mwana amene akufuna kudzachenjeza anthu za namondwe ameneyo amumvetsa Yesaya kuposa ife tonse.

Za Geography musamuletse, pa zimene akufunazo ndi yofunika pamodzi ndi masamu ndi Physics. Koma pitani mukaonane ndi ahedi. Funsani ngati mwana angalembetse BK pa mayeso ngakhale sakulowa m'kalasi nthawi imeneyo, sukulu zina zimalola ngati pali mphunzitsi womuyang'anira. Mukapitenso ndi makolo a ana 7 aja, mawu a gulu amamveka kuposa a munthu mmodzi.

Bambo Phiri wa Physics:
Ndandanda umasinthika ngati makolo afunsa teremu isanapite patali. Ine ndakhalapo m'komiti yokonza ndandanda, nthawi zambiri timawombanitsa maphunziro chifukwa palibe anadandaula. Koma Amayi, muonetsetse kuti masamu ake ali bwino musanamuwonjezere katundu.

Abusa opuma, Nkhoma:
Mwana wanga Make Tadala, ndili ndi Baibulo la Chingerezi lathunthu, lili ndi mapu kumapeto kwake. Maso anga sakuonanso zilembo zazing'ono. Mdzukulu wanga amabwera ku Lilongwe Loweruka lililonse, ndimupatsira. Kaya mwanayo alemba BK kaya salemba, alandire. Ndipo Lamulungu likubwerali ndikalankhula ndi amayi a Chigwirizano za sekondale imene ili pafupi ndi tchalitchi chathu, tikafunse kuti ali ndi Mabaibulo angati.

Make Tadala:
Abusa, zikomo kwambiri, ndikutumizirani uthenga kumbali. Aphunzitsi a ku Ntcheu, ndamuwerengera zimene mwalemba za dzina lija. Watenga Buku Lopatulika langa, wakhala pakhonde, akufufuza chaputala 8. Kapepala kaja akufuna tibweze Lachisanu. Lachinayi m'mawa ndipita kwa ahedi, ndayimbira kale amayi a mnzake mmodzi ndipo avomera kuti tipitire limodzi.